Penti wa Madzi Pamsewu wa ku Kanengo

Mwana wa sitandade 4 wa ku Mgona mukamuuza kuti ajambule nyumba, kawirikawiri amajambula kabokosi ka mawindo awiri, chitseko pakati, ndi dzuwa lomwetulira pakona ya pepala. Nyumba yotere ku Mgona kulibe. Anaikopera pabolodi, ndipo amene anailemba pabolodipo nayenso anaikopera kwa aphunzitsi ake. Ena mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzapezeka tikuphunzitsa Expressive Arts, ndipo tidzapitiriza kabokosi komweko ngati ifeyo sitinakhalepo pansi kuyang'ana malo enieni mpaka kuwaona bwino. Penti wa madzi ndi mphunzitsi wabwino wa zimenezi, ndipo Kanengo ndaisankha dala, poti palibe amene amati n'kokongola.

Pentiyu ndi ufa wamitundumitundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo wa m'gulu la mthethe. Ukanyowa umasungunuka, madzi akauma utomoniwo umamata ufawo papepala. Suphimba zimene zili pansi pake. Malo oyera a chithunzi ndi pepala lenileni limene mwalisiya osapaka, ndipo pamene mwadetsa sipayeranso. N'chifukwa chake mumayamba ndi mitundu yopepuka, yakuda pomaliza, ndipo maso amayenera kumaliza ntchito yawo dzanja lisanayambe.

Zida sizifuna ndalama zambiri: kabokosi ka penti ka ana asukulu, burashi yaikulu imodzi ndi yaing'ono, pensulo, botolo la madzi ndi kathabwa kotsamizirapo. Chofiira, chachikasu ndi chabuluu zimakwanira. Zitatuzi mukazisakaniza zimabala mtundu wotuwa wa simenti ndi fumbi, umene ndiwo mtundu wa Kanengo. Pokhapo pamene simuyenera kuumira ndi papepala. La m'kope limakwinyika likangolawa madzi. Funani lochindikala, la 300 gsm ngati lapezeka.

Yambani ndi zinthu zosathawa. Nkhokwe za chimanga za National Food Reserve Agency, zimene zimatha kusunga matani 180,000, zimaoneka munthu ali kutali, ndipo kwa wophunzira ndi mphatso. Iliyonse ndi yobulungira ngati mgolo: mbali yoyang'ana dzuwa njowala, mdima umakula pang'onopang'ono kupita mbali inayo, kenaka chakumapeto kwenikweni kumayeranso pang'ono chifukwa cha kuwala kochokera kunkhokwe inzake. Ambiri sakhulupirira zakuyera kwa kumapetoku mpaka atakuona okha. Nyowetsani nkhokwe yonse ndi madzi oyera, ikani penti wotuwa kumbali yamthunzi, ndipo musiyeni ayende yekha. Njanji yochokera ku Salima, imene inafika ku Lilongwe mu 1979, imaphunzitsanso china: zitsulo ziwiri zimene sizikumana, pamaso zimaoneka zikukumana kutali.

Nthawi simuli nayo. Dzuwa limasuntha madigiri 15 pa ola, choncho mthunzi umene munauona 8 koloko pofika 9 koloko ndi wina. Ulembeni ndi pensulo poyamba pomwe, ndipo muutsatire umenewo ngakhale dzuwa lisinthe maganizo. Mu Okutobala penti amauma burashi isanabwerere m'madzi, ndiye jambulani m'mamawa, muli pamthunzi, pa pepala laling'ono. Mu Juni ndi Julayi mwera umabweretsa fumbi, lole ikadutsa limamatirira papepala lonyowa. Musalipukute. Likauma limayoyoka lokha.

Chovuta ndi anthu. Nyengo ya fodya, kuyambira cha mu Epulo, malole a mabelo amandanda kulowera ku okushoni, akabaza akudutsa, amayi amitanda ya chinangwa ndi nthochi ali m'mbali mwa msewu, antchito ochokera ku Area 25 akuthamangira geti. Palibe amene adzakuimireni. Yang'anani munthu mmodzi kamphindi, gwirani m'mutu mmene wapendekera ndi katundu wake, kenaka yang'anani pepala n'kumuika ndi mikwasa itatu kapena inayi ya burashi: thunthu, miyendo, kadontho ka mutu. Nkhope siyofunika. Wophunzira aliyense amakulitsa mutu. Munthu wamkulu kutalika kwake ndi pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka. Ndipo nali lamulo limene ndimalikonda koposa onse: mukaimirira pamalo athyathyathya, mitu ya anthu oimirira, apafupi ndi akutali omwe, imakhala pafupifupi pamzere umodzi wolingana ndi maso anu. Mapazi ndiwo amakwera ndi kutsika papepala. Lembani mzerewo, pachikani mitu pamenepo, gulu la anthu liima lokha.

Anthuwo adzabweranso kudzaona. Pasanathe mphindi khumi ana adzakhala atakuzingani, ndipo wina wamkulu adzafunsa kuti, "Mukutijambula kuti mukatigulitse kuti?" Funsoli si lachipongwe. M'Chichewa mawu oti kujambula ndi amodzi, la kamera ndi la burashi, ndipo anthu osauka ajambulidwa kambiri osapemphedwa. Yankho labwino ndi kutembenuza pepala kuti alione. Ngati mukufuna kujambula mayi wogulitsa malonda moti n'kuzindikirika, perekani moni kaye: "Pepani mayi, ndine mwana wasukulu, kodi mungalole?" Akakana, jambulani lichero la nthochi. Pafupi ndi mpanda wa fakitale kapena wa nkhokwe, kaonaneni ndi alonda musanatulutse pensulo, ndipo akakuuzani kuti musunthe, sunthani. Pitani awiriawiri, mmodzi aziyang'anira zikwama. Odutsa ndiwonso oyesa mayeso osakondera: wakabaza akati njinga yanuyo singayende, yang'anani mateyala, mupeza kuti akunena zoona.

Mukamaliza, lembani kumbuyo malo, tsiku ndi ola. Thomas Baines, amene anabwera ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi mu 1858, anajambula Tete ndi mtsinjewo asanachotsedwe ntchito mu 1859, ndipo lero ofufuza mbiri amayang'ana zithunzi zakezo pofuna kudziwa mmene derali linkaonekera. Anali mlendo, ndipo anajambula zimene zinkakopa mlendo. Mzere wa malole a fodya, mabenchi a chipisi pasiteji ndi madenga amalata a ku Mgona akudikirabe wojambula amene amadziwa mtengo wa kabaza wochokera pamenepo kukafika kwawo.