PHUNZIRO LA ZAUMOYO: Kudyetsa Wodwala Khansa Asanayambe Mankhwala

Abale athu a kwa Changata, wodwala khansa akatumizidwa ndi chipatala cha Thyolo ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kawirikawiri amayamba wadikira asanalandire mankhwala amphamvu otchedwa chemotherapy. Masiku amenewo asapite pachabe, pakuti thupi lofooka silipirira mankhwalawo, ndipo magazi akachepa madokotala amayamba awaimitsa.

Kodi wodwala amaonda chifukwa ninji? Nthendayi imadya mphamvu za thupi nichotsa chilakolako cha chakudya. Khansa ya kummero imatsekereza nsima. Ya khomo la chiberekero imatayitsa magazi. Munthu wa makilogalamu 60 akatsika ndi makilogalamu 3 pa miyezi 6, adokotala amve msanga.

Nanga tichitenji?

1. Mpatseni chakudya chochepa, koma kasanu kapena kasanu n'kamodzi pa tsiku.

2. Phala la mgaiwa litsiridwe nsinjiro, ufa wa soya, mkaka kapena dzira. Wovutika kumeza mumpondere nthochi, mapeyala ndi nyemba.

3. Tiyi, ngakhale ali wa m'minda yathu yomwe ino, asamwere pa chakudya, pakuti aletsa thupi kutenga ayironi wopanga magazi. Papite kaye ola limodzi.

4. Ululu, nseru, kudzimbidwa ndi zilonda za m'kamwa musazibise. Mankhwala ake alipo, ndipo ululu ukaleka munthu amadya nagona tulo.

Tsono akakana kudya musamkalipire, si mwano ayi. Khalani naye pamphasa, mudyere pamodzi.