ZA BARELE NDI UDZU WOMERA NAYE PAMODZI

Abale, ambiri a ife dzina ili la barele tinangolimva m'Buku Lopatulika, pa mbiri ya Rute wokunkha m'munda wa Boazi, koma mbeu yace sitinaione ndi maso. Ndiyo mbeu yonga tirigu, ya ngala zandevu, yakuca msanga. Amailima ku Palestine, ku mapiri ozizira a Ethiopia ndi ku Ulaya. Mwezi uno tiphunzire cimene udzu ucita m'munda mwace.

Barele akamera sakhala phesi limodzi ai. Pa masabata oyamba tsinde lace liphuka ana, monga ucitira mpunga, ndipo mwana ali yense wolimba adzabala ngala yace. Tsono kucuruka kwa dzinthu kuweruzidwa masiku omwewo, mbeu ikali yaing'ono. Udzu ukamera pamodzi ndi barele ulanda madzi, cakudya ca m'nthaka ndi dzuwa. Ana aja afota asanaturutse ngala, ndipo cinkana mwini munda apalire bwino-bwino pambuyo pace, ngala zotayikazo sizibweranso. Koma udzu womera barele ataphimba kale nthaka upeza mthunzi wokha-wokha, nukhala wofoka. Cifukwa cace mlimi wodziwa nchito yace ayamba wafunsa kuti, Udzu uwu unamera liti?

Kale anthu ankafesa barele comwaza, ndipo khasu linalibe polowa. M'caka ca 1701 Mngelezi wina, Jethro Tull, anapanga makina obzalira m'mizere, kuti khasu lokokedwa ndi kavalo lipite pakati pace. Pofika 1946 alimi anayamba kugula mankhwala opopera, MCPA ndi 2,4-D, akupha zitsamba za masamba otambalala ndi kusiya barele wamoyo. Koma taonani, mankhwala awa sapha maudzu a masamba ang'ono atali, pakuti barele nayenso ali wa banja lomwelo. Apa mpamene pagona bvuto lalikuru: udzu wofanana ndi mbeu ubvuta kuuzindikira, ubvutanso kuupha osapha mbeu.

Ku England kuli udzu wotere, dzina lace blackgrass. Akatswiri anaupangira mankhwala ena, ndipo poyamba unafa ndithu. Koma m'munda uli wonse mumatsala mapesi owerengeka olimba, osamva mankhwala. Amenewo anabala njere, ndi ana ao anatengera kulimba kwa makolo. M'caka ca 1982 kunapezeka blackgrass wosafa ataupopera, ndipo lero wafalikira minda yambiri. Ife tiyesa kuti mlandu suli pa mankhwala, uli pa kukhulupirira njira imodzi caka ndi caka.

Nanga alimiwo acita ciani? Kwao nyengo ya cisanu iyamba mu December. Udzu uja umera makamaka mu September ndi October, ndiyo miyezi yomwe afesera tirigu, cotero ziwirizi zinyamukira pamodzi. Tsono ena aleka kufesa pamenepo. Alola udzu umere pa nthaka yopanda mbeu, naupha, nadikira cisanu cipite. Pofika March afesa barele. Njere za udzu zambiri zatha kumera, ndipo zotsala zipeza barele wokula msanga, wofesedwa mothithikana dala, kuti atseke dzuwa. Ena atembenuza nthaka mozama ndi pulawo, pakuti njere ya blackgrass ikakwiririka pansi ilephera kuturuka, ndipo zambiri ziola zisanapite zaka zowerengeka. Mapesi opulumuka awazula ndi manja asanakhwime, nawaturutsa kunja kwa munda.

Njira iyi iri nao mtengo wace. Barele wofesedwa mu March kawiri-kawiri sabala zocuruka monga mbeu yofesedwa cisanu cisanafike, ndipo mlimi aona kucepako caka comweco. Koma abvomera, podziwa kuti phesi limodzi la blackgrass likasiyidwa ligwetsa njere mazana-mazana kholola lisanafike, ndipo m'munda wodzala nazo ngakhale tirigu sapindulanso.