Tulo ta Lachitatu

Alamu anga anaphunzira kusuta ku Johannesburg. Monga anyamata ambiri a kuno ku Mzimba, anapita ku Joni akadali wamng'ono, napeza ntchito yaulonda, ndipo ndudu ndiyo inkawafikitsa m'bandakucha usiku wozizira wa mu June ndi July. Ngakhale mu 2020, boma la South Africa litaletsa kugulitsa fodya kwa miyezi pafupifupi isanu chifukwa cha Covid-19, iwo sanasiye. Ankagula wozembetsa pa mtengo woboola m'thumba. Atabwerera kumudzi anagula njinga yamoto ndi ndalama zomwe anasunga, nayamba kabaza pa Jenda.

Anasiya chifukwa cha mwana. Kamtsikana kawo komaliza kankatsokomola usiku uliwonse, ndipo mchemwali wanga anawauza mosapsatira kuti utsi wa m'nyumba ndiwo ukukapweteka. Lamlungu lina atachokera kutchalitchi anatenga paketi yotsala naiponya m'chimbudzi ife tikuona. Tinawayamikira tonse. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawachenjeza za masiku otsatira, pakuti nafenso sitinkawadziwa, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka lero.

Lolemba linadutsa bwino. Lachiwiri madzulo ndinawapeza pa siteji atagoneka mutu pa mahandulo, maso ali psuu ngati alowa mchenga.

"Alamu, mwadwala kodi?"

"Ayi alamu, thupi langofooka basi. Ngati ndalima ekala yonse ndekha."

Anaitanitsa tiyi wakuda bii, nathiramo masupuni anayi a shuga. Inali kapu yachitatu tsiku limenelo. Pochoka anagulanso chakumwa cha m'chitini chija amati chimapatsa mphamvu. Usiku umenewo tulo sanatione. Mchemwali wanga akuti ankangotembenuka, kutuluka panja, kubwerera, kukalipira ana popanda chifukwa, mpaka tambala woyamba analira.

Lachitatu m'mawa mkazi wawo anawadandaulira. "Bambo, bwanji lero mupumeko?" Iwo anati, "Ndikapuma mudya chiyani?" Anakanyamula mayi wina ndi dengu la matimati kumudzi wa kufupi ndi Embangweni, kupita naye ku Jenda. Dzuwa litayamba kufunditsa msana, pamalo owongoka opanda dzenje ngakhale limodzi, maso anatseka okha. Njinga inakalowa m'ngalande. Mayi uja anasupuka bondo ndi chigongono, matimati ali mbwee mumsewu, ndipo alamu anathyoka fupa la paphewa. Chipewa ndicho chinawapulumutsa mutu.

Fupa linalumikizana. Chomwe sichinapole ndi chimene chinachitika atatuluka m'chipatala. Mnzawo wina anabwera kudzawazonda, napichira chingambwe pa kapepala, nawapatsira moto. "Mwaonatu achimwene, thupi lanu linazolowera. Fodya sasiyidwa chonchi." Alamu anakoka kawiri, mutu unapepuka, ndipo kuyambira tsiku limenelo amanena motsimikiza kuti fodya ndiye ankawapatsa mphamvu. Amasutabe, kungoti masiku ano amatulukira panja.

Mawu oti fodya amapatsa mphamvu ndimawakana, ngakhale ndimawamvetsa. Nikotini wa mu fodya amafika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe, nafulumizitsa mtima, munthu n'kumva ngati wadzuka. Koma pakatha maola awiri theka lake limakhala litachoka m'magazi, thupi n'kuyamba kufooka, chibaba n'kubwera. Ndudu yotsatira imangotseka dzenje lomwe yoyamba inakumba. Ndi katapila weniweni: amakukongoza m'mawa, masana wabwera kale kudzalonjerera, ndipo iwe n'kumamutcha wokuthandiza. Ukasiya, ubongo umafunika kuphunziranso kudzuka wokha. Masiku atatu oyamba mpaka sabata ndiye pamakhala povuta kwambiri: kuwodzera masana, kusowa tulo usiku, mtima wapachala, maganizo osakhazikika. Kwa anthu ambiri zimapepuka pakati pa masabata awiri ndi anayi. Pomwe munthu akudzimva ngati akutha, thupi limakhala litayamba kale kuchira. Bungwe la WHO limanena kuti pakangotha maola 12 munthu atasiya, mpweya woipa wa mu utsi, umene umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, umakhala utatsika kufika pa mlingo woyenera.

Za tiyi ndinazidziwa mochedwa, ndipo n'zimene ndikadakonda wosuta aliyense atazimva. Utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuphwanya msanga kafini, chinthu chothamangitsa tulo chimene chimapezeka mu tiyi, khofi ndi zakumwa za m'zitini zija. Munthu akasiya kusuta chiwindi chimabwerera pa liwiro lake, ndiye kapu yomweyo imakhalitsa m'magazi, n'kugwira ntchito ngati makapu awiri. Alamu ankaganiza kuti akuthamangitsa tulo ta masana, pamene ankathamangitsa ta usiku, ndipo tuloto tinadzawapeza ali pa njinga atanyamula mayi wa eni ake.

Akadadziwa, sabata imeneyo akadaikonzekera monga munthu amakonzekera maliro kapena ukwati, ndi kandalama pambali. Akadayenda maulendo afupiafupi a m'mawa okha, masana n'kugonako mphindi 20 pamthunzi. Tiyi akadachepetsa ndi theka, osamwanso dzuwa likapendeka. M'malo mwa shuga wambiri, amene amakweza munthu kanthawi n'kumugwetsa, akadadya pang'onopang'ono mbatata, mtedza kapena nthochi, ndi kumwa madzi. Chibaba sichikhalitsa, chimabwera ngati mvula ya mphepo n'kudutsa m'mphindi zochepa, ndipo kuyenda wapansi kukafika pamsika ndi kubwerera kumakwanira kuchipirira. Koposa zonse, akadauza anzawo a pa siteji kuti sabata ino ndine wodwala, maulendo ataliatali tengani ndinu. Ambiri a ife amuna zimativuta kunena mawu amenewa, ndipo manyazi amenewo ndi omwe anawakweza pa njinga m'mawa uja.

Sindikunena za a kabaza okha. Ndikuganiza za madalaivala okwera Chikangawa m'chifunga, ocheka matabwa ndi makina m'nkhalango ya Viphya, alonda a m'masitolo a pa boma la Mzimba. Kuno kubwerera ku fodya n'kosavuta, chifukwa hona, monga amamutchulira eni dera, amalendewera m'zigafa kuseri kwa nyumba, wosafuna ndalama. Dziko lathu linalowa m'pangano la mayiko lochepetsa kusuta mu 2023, koma kumudzi munthu wosiya amadalirabe mkazi wake, mlamu wake ndi anzake, ndipo ifeyo ndi amene tiyenera kudziwa zimenezi.

Pali kutopa kwina kumene sikuyenera kukankhiridwa kwa fodya. Kukapitirira mwezi, kapena kukabwera ndi chifuwa choposa masabata awiri, thukuta la usiku ndi kuwonda, pitani ku chipatala cha boma ku Mzimba, ku chipatala cha ku Embangweni kapena chilichonse chapafupi mukayezetse. Osuta amagwidwa TB mosavuta kuposa ena, ndipo matendawa amachizika akapezeka msanga.

Inu amene mwataya paketi sabata ino, Lachitatu lanu likubwera. Maso akalemera imikani njinga, kagoneni, ndipo wobwera ndi chingambwe chachifundo mubwezereni pakhomo pomwepo.