Kambiya ka pa Chinyunyu

Achibale akabwera kuchokera kunja, timafuna kuwaonetsa dziko lonse m'masiku awiri okha. Ndi momwe anachitira mnzanga wina wa ku Chelston atalandira azakhali ake ochokera ku London. Loweruka anazungulira nawo ku Kabwata Cultural Village, kugula ziboliboli ndi zitenje. Lamulungu analowa msewu wa Great East kuti akafike pa mlatho wa Luangwa, komwe kumapezeka madengu ndi nsomba zouma. Panjira anaima pa Chinyunyu, m'boma la Rufunsa, pomwe madzi otentha amatumphuka pansi, nthunzi ili tolotolo.

Ziboliboli za ku Kabwata sizinawafike pamtima azakhaliwo. Ankadandaula kuti n'zosema dzulodzuloli, pomwe iwo ankafuna chinthu chakale chenicheni. Mawuwo anagwera m'khutu mwa mnyamata wogulitsa makala m'mbali mwa msewu. Anathamangira kumudzi n'kubwera ndi kambiya kakuda bii, m'kati muli mikanda yofwifwa. Pamtengo sanakanganepo. Mnzangayo anamusiyira nambala ya foni, kuti akapeza zina amuimbire.

Foni inalira Lachitatu, koma oimba anali amalume a mnyamatayo. "Bambo, chonde tibwezereni mbiya ija. Ndalama zanu zili pompano, sitinazikhudze." Kambiyako kanali ka pakachisi wa banja, kothiriramo mowa wa nsembe mvula ikachedwa, ndipo mikandayo inali ya agogo awo omwe anatisiya kale. Mnyamatayo anakatenga akulu ali kumunda. Ndege ya azakhali inali itanyamuka dzulo lake.

Mnzangayo anaimba ku London mobwerezabwereza. Azakhali anamva chisoni n'kulonjeza kuti adzakabweretsa akadzabweranso. Mpaka lero sanabwere, ndipo kumudzi kuja mnyamatayo ndi amalume ake sayankhulana.

Palinso lamulo lomwe ambiri sitilidziwa. Ku Zambia, lamulo la 1989 lomwe linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission limateteza zinthu zamakedzana zopangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dzikomo chisanafike chaka cha 1924, ndipo kuzitulutsa kunja popanda chilolezo ndi mlandu. Lamuloli lili ndi chifukwa chake. Chigaza cha munthu wakale chomwe chinapezeka mumgodi wa Broken Hill, ku Kabwe, mu 1921 chinapita ku London, ndipo chikadali ku Natural History Museum ngakhale boma la Zambia lakhala likuchipempha. Ngati boma likuvutika chonchi, banja la kumudzi lingathe bwanji?

Alendo anu akadzafuna chokumbukira kwathu, apititseni kwa osema, oumba ndi oluka omwe ali moyo, omwe akufuna ndalamazo kuti alipire sukulu ya ana. Wina akakubweretserani chinthu chakale mobisa, mufunseni kuti n'cha yani, ndipo musatulutse ndalama musanaonane ndi akulu a pakhomopo.