Kodi Mai wa HIV Asiyitse Mwana Bele Msanga?

Funso ili linagawa madokotala zaka zambiri. Kacirombo ka HIV kamapezeka mu mkaka wa m'mawere, motero ena anali kunena kuti mwana asiye bele msanga. Anzao anali kufunsa kuti: nanga adzadya ciani m'komboni, mmene mkaka wa m'citini ndi wodula ndipo madzi ndi a pacitsime?

Yankho linapezeka mu Lusaka momwemuno. Kuyambira 2001 kufikira 2004, azimai 958 okhala ndi kacirombo analembedwa pa makiliniki a George ndi Chawama. Theka anauzidwa kusiyitsa pa miyezi 4, enawo kuyamwitsabe. Zotsatira zinatuluka mu 2008: kusiyitsa msanga sikunapulumutse ana. Zinaipa kwambiri kwa ana amene anali atatenga kale kacirombo. Mwa ana 100 osiyitsidwa, pafupifupi 74 anamwalira asanakwanitse zaka ziwiri, pamene mwa oyamwabe anamwalira 55. Bele limacinjiriza mwana ku cibayo ndi kutsegula m'mimba, matenda amene sacedwa kupha khanda.

Lero kuli ma ARV. Mai akamamwa tsiku lililonse, kacirombo kamacepa m'thupi ndipo mwana sakatenga wamba. Mu 2016 bungwe la WHO linalangiza kuti mai wotere ayamwitse miyezi yosacepera 12, ngakhale kufika zaka ziwiri.

Miyezi 6 yoyamba likhale bele lokha, popanda madzi kapena phala, ngakhale ambuya aumirire kuti mwana sakukhuta. Mwanayo apimidwe magazi pa masiku amene anamwino alemba pa khadi la sikelo.