Tenti yoyanikira usipa: pepala likang'ambika, adzagula lina ndani?

Lero tikambirane za tenti yoyanikira nsomba ndi mphamvu ya dzuwa. Mfundo yanga ndi imodzi: tenti imeneyi ndi yabwino, koma phindu lake limatha tsiku limene pepala lake lang'ambika ngati gulu silinasunge ndalama yogulira lina.

Tiyambe ndi kumene inachokera. Kuyambira m'chaka cha 2010, bungwe la LEAD, lomwe linkagwirira ntchito pa sukulu ya ukachenjede ya Chancellor ku Zomba, linathandiza magulu a amayi a ku nyanja ya Chilwa, monga a ku Kachulu, kumanga zoyanikira matemba zoterezi. Kenaka akatswiri a pa sukulu yomweyo, mogwirizana ndi ofufuza za nsomba a ku Monkey Bay ndi bungwe la WorldFish, anabweretsa matenti ku nyanja yathu ino ya Malawi kudzera m'ntchito ya Nsomba Nchuma, yomwe inathandizidwa ndi ndalama za ku Canada ndi Australia. Kamangidwe kake si kodabwitsa. Ndi chimango cha matabwa chokutidwa ndi pepala la pulasitiki lolimba padzuwa, m'kati muli mathandala. Mpweya umalowera m'mazenera apansi, umatenthedwa, n'kukwera kukatulukira pamwamba utanyamula chinyontho cha nsomba. Ntchentche sizilowa, fumbi ndi mchenga sizifikako, nkhuku ndi mbuzi zimangozungulira panja. Mvula ikagwa masana, palibe zothamanga ndi madengu kukawola usipa wauwisi umene mawa lake udzakhala wayamba kununkha. Ndipo nkhuni sizifunika. Apa m'pamene nkhaniyi ikutikhudza ife a ku Nkhudzi mwapadera, chifukwa mapiri amene tawayandikirawa ali mbali ya paki ya Lake Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mtolo uliwonse wofutsira kapena wowambira nsomba uli ndi kumene unadulidwa, ndipo phiri likayera, mvula imakokolola dothi n'kukalithira m'madzi momwe nsomba zimaswanirana.

Ena mukuti, “Zonsezi tamva, koma tentiyo ndi yodula.” Zoonadi, mayi mmodzi wogula ndowa ziwiri za usipa sangaimange yekha, ndipo ndikanakunamizani ndikanati angathe. Koma tiwerengere bwino. Thandala lapanja limaoneka lotchipa chifukwa sitilemba zimene limatidyera: usipa wowola nthawi ya dzinja, woswekasweka, wamchenga umene wogula ku Limbe amautsitsa mtengo akangouluma, ndi ndalama ya nkhuni tsiku ndi tsiku. Kutayika kumeneku kumabwera pang'onopang'ono, n'chifukwa chake sitikumva kuwawa, pamene mtengo wa tenti umabwera kamodzi n'kutiwopsa. Yankho lake ndi gulu: amayi a banki m'khonde kapena mamembala a komiti ya padoko (BVC), osati munthu payekha. Ena mukutinso tenti imachepa usiku umene usipa waphedwa wambiri. Izonso n'zoona, ndipo palibe akuti mugwetse mathandala anu. Tenti isungireni nsomba zabwino koposa, zopita kwa ogula amene amalipirira ukhondo, ndiponso masiku a mitambo.

Chovuta chenicheni chili pa umwini. Ntchito za mayunivesite ndi mabungwe zili ndi tsiku loyambira ndi tsiku lotsekera. Galimoto zawo zimapita, tenti imatsala padoko. Pepala la pulasitiki silikhala muyaya. Dzuwa la Mangochi limalifooketsa, mwera wa June ndi July umalikoka mpaka pamsomali pang'ambike, ndipo kabowo kolowa chala lero kamakhala khomo la ntchentche mwezi wamawa. Pamenepo chinthu cha tonse chimasanduka chopanda mwini, aliyense n'kumati, “Abwera eni ake adzakonze.” Taonani zimene zinachitika ku Mthembanji m'boma la Dedza. Mu 2020 yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland, pamodzi ndi bungwe la United Purpose, inaika magetsi a dzuwa ofikira nyumba ndi mabizinesi pafupifupi 60. Magetsiwo sanaperekedwe ulere. Aliyense amalipiratu asanayatse, ndipo ndalamayo imathandiza kulipira oyang'anira makinawo ndi kukonza zowonongeka. Dzuwa ndiye laulere, koma mabatire, mawaya ndi mapepala amagulidwa. Wina anganene kuti kulipiritsa anthu osauka pa chinthu chimene anapatsidwa ndi nkhanza. Ine ndikuona kuti nkhanza yoposa ndi kuwasiyira chimango cha matabwa chopanda denga patatha zaka ziwiri, atazolowera kale mtengo wabwino wa nsomba zoyera.

Choncho gulu lanu ligwirizane kandalama pa ndowa iliyonse yolowa m'tenti, ngakhale ya wapampando, ndipo ilembedwe m'kaundula amene membala aliyense angathe kuwona. Ndalama imeneyi isabwerekedwe pa maliro kapena pa chikwati; ikhale ya pepala ndi misomali basi. Sankhani anthu awiri osunga kiyi wa bokosi la ndalamazo, asakhale a banja limodzi. Pa kayanikidwe, tsukani nsomba ndi madzi oyera musanalowetse, ziyaleni mosaunjika kuti mpweya udutse, mazenera apamwamba asatsekeke ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo chitseko chizikhala chotseka. Mankhwala ophera anankafumbwe m'chimanga asayandikire nsomba. Mwera usanayambe, zungulirani tenti yonse, mumate paliponse pang'ambika, ndipo mufunse alangizi a za usodzi ku Monkey Bay mtengo wa pepala latsopano kuti mudziwe ngati zimene zili m'bokosi mwanu zikukwana.