Nsomba Zitatu za Ululu za m'Nyanja ya India

Munthu wa ku Namiwawa wozolowera chambo cha pa msika wa Limbe saopa nsomba, kupatula minga ya mlamba. Koma amene apita ku Nacala, ku Pemba kapena ku Inhambane ku Mozambique, namira m'nyanja yamchere kukaona matanthwe a korali, ayenera kudziwa nsomba zitatu zapachibale zimene ziri ndi ululu m'minga yake. M'Nyanja ya Malawi mulibe nsomba zimenezi.

Yoyamba itchedwa lionfish. Imeneyi sivuta kuizindikira, pakuti iri ndi mizere yofiira ndi yoyera, ndiponso zipsepse zazitali zotambasuka ngati nthenga. Isambira poyera, mosafulumira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kulasa kwake kupweteka koopsa, ngakhale sikupha kawirikawiri.

Ziwiri zotsalazo ndizo zisokoneza anthu, chifukwa zonse zikhala duu pansi, zofanana ndi mwala womera ndere. Scorpionfish iri ndi thupi looneka ngati la nsomba ndithu. Maso ake ali otuzuka, ndipo pakamwa pake payang'ana kutsogolo. Stonefish iri ngati chibuma chopanda maonekedwe, khungu lake liri la njerewere, maso ake ali aang'ono ndi olowa, ndipo pakamwa pake payang'ana kumwamba. Pamsana pake pali minga 13 yolimba, yotha kuboola nsapato yopyapyala. Mwa zitatuzi, stonefish ndiyo ibisala koposa, ndiyonso iri ndi ululu woposa, wotha kupha munthu. Simuthamangitsa munthu ai. Munthu ndiye aiponda kapena kuigwira poyesa mwala.

Tsono wosambira asagwire mwala uliwonse m'madzimo, ndipo asayende pa matanthwe wopanda nsapato zochindikala.

Munthu akalasidwa, atuluke m'madzi msanga. Anzake aviike balalo m'madzi otentha osaposa madigiri 45, amene dzanja la munthu wina lingathe kupirira, kwa mphindi 30 kufikira 90, pakuti kutentha kufooketsa ululuwo. Asatemere balalo, asaliyamwe, asamange chingwe. Pambuyo pake wodwalayo apite naye ku chipatala, nafotokoze bwino maonekedwe a nsombayo, chifukwa mankhwala oletsa ululu wa stonefish alipo. Anayamba kupangidwa ku Australia m'chaka cha 1959.

Mafunso:
1. Kodi pakamwa pa stonefish pasiyana bwanji ndi pa scorpionfish?
2. Nanga madzi otentha athandiza chifukwa ninji?